Mpando wa a Giya Pakati pa Msewu

Anthu ankawatchula kuti a Giya chifukwa unyamata wawo wonse unathera pa chiwongolero cha malole a kampani yophwanya miyala. Atapuma pantchito anatsala ndi msana wopweteka, chifuwa chosatha, ndi nyumba yoyang'anizana ndi sukulu ya pulayimale, m'mbali mwa msewu womwe malole aja ankadutsamo ngati akuthawa moto.

Tsiku lina lole inangotsala pang'ono kugunda kamtsikana ka sitandade wani, n'kuponda chikwama chake. Makolo atadandaula, kampani inapenta sukulu yonse, n'kulemba dzina lake pakhoma ndi zilembo zazikulu kuposa za dzina la sukuluyo. Kenaka inatumiza mipira.

Wobweretsa mipirayo anali mkamwini wa a Giya, yemwe ankagwira ntchito mu ofesi yoona za ubale wa kampani ndi anthu. Atatha kujambulitsa ndi ana, anapatukira kwa apongozi ake.

"Mwaonatu bambo, kampani yanu siiwala anthu."

"Penti ndiye ndamuona," anatero a Giya. "Nanga mpira ukagubuduzikira mumsewu, akautole ndani? Inuyo?"

"Zinthu zimayenda pang'onopang'ono, bambo."

"Kupatula malole anu."

M'mawa mwake, ana akupita kusukulu, a Giya ananyamula mpando wawo wa pakhonde, n'kuukhazika pakati pa msewu, n'kukhalapo phee, wailesi ili pamiyendo. Lole yoyamba inaima ikuliza hutala. Dalaivala anatulutsa mutu kuti atukwane, koma ataona kuti ndi mdala amene anamuphunzitsa ntchito, anameza mawu n'kuzimitsa injini. Malole ena anandanda kumbuyo. Mwana womaliza atawoloka, a Giya anabwerera pakhonde pawo osayang'ana munthu.

Anapitiriza choncho, polowa ndi poweruka. Apolisi anabwera kudzawatenga, koma atawatulutsa, a Giya anapeza amayi ogulitsa malonda pageti la sukulu atakhala pamalo pomwepo, aliyense pa chidebe chake.

Mwana wamkazi wa a Giya anafika maso ali gwa.

"Ababa, mukufuna amuna anga achotsedwe ntchito?"

"Akawachotsa mubwere, chipinda chilipo," anayankha. "Koma ine zokatola mwana wa munthu mumsewu ndakana. Ukawauze choncho."

Mwanayo anachoka osatsanzika, ndipo zinawapweteka a Giya, moti tsikulo sanadye. Komabe kutacha ananyamula mpando.

Mapeto ake kampani inamanga zitunda zochepetsa liwiro, n'kulamula kuti malole aziima ana akamawoloka. Panachitika mwambo wa matenti ndi zokuzira mawu, bwana wamkulu n'kunena kuti ganizoli linachokera m'chikondi chomwe kampani ili nacho pa ana. A Giya sanaitanidwe, ndipo kuphwando la anthu opuma pantchito dzina lawo linasowa. Mkamwini ntchito sinamuthere, koma anatha miyezi osaponda pakhomopo.

Zolankhula za bwanayo a Giya anazimvera pakhonde, ndipo anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapezako mpweya anaitana akazi awo, omwe ankaanula nsalu zofunda zitayera mbuu ndi fumbi la miyala.

"Mayi, zimenezo musazichapenso. Zipindeni mundipatse."

"Mupita nazo kuti, bambo inu?"

"Ndikaziyanika pampanda wa kampani, pafupi ndi windo la bwana."