Ababa adzigwetsa pamaso pa mkamwini

Mwaswera bwanji abale.

Masanawa ndimaonera pafoni filimu yakalekale yopanda mawu, ya munthu wonyamula makwerero paphewa, akatembenuka n'kumagwetsa anzake osadziwa. Ababa anali pakhonde, duu monga akhalira chimwalirire amayi. Anasuzumira, n'kuti, "Tabwezera."

Itatha anadzuka, n'kusenza nsungwi yochirikizira chingwe cha zovala. Amuna anga akulowa kumene ndi dengu la matemba a ku Chilwa. Ababa kutembenuka, nsungwi phaa padengu, matemba mbwee! Ababawo n'kudzigwetsa chagada, miyendo m'mwamba, pamaso pa mkamwini! Ndinakuwa, ndimati athyoka msana. Koma anali kuseka mpaka misozi.

Akuti ali mnyamata, galimoto ya kanema inkabwera pabwalo la mpira ku Jenala, iwo n'kumatengera zimenezi. "Amayi ako ndinawakopa ndi kagwedwe kameneka," atero.

Ababa omwewa, otikalipira tikaseka pakudya! Achimwene, inu munazimvapo? Chiuno chikuwawawa, koma akuti mawa abwereza. Ndibise nsungwiyo, kapena ndiwasiye?