Masamba a Lettie Nalungwe

Lettie Nalungwe wa ku Misuku wathyola khofi zaka makumi atatu, koma kumwa samwa, ati amamugunditsa mtima. Chake ndi masamba. Pa thandala loyanikira khofi amasiya kangodya ka masamba a magwafa, a mapeyala ndi udzu wonunkhira ndimu, ndipo mlendo sachoka pakhomo pake osamwa kapu. Ndi mayi wosalankhulalankhula, koma akagwira chinthu wagwira, ngakhale mumukoke ndi ng'ombe.

Mng'ono wake Jean atachotsedwa bere chifukwa cha khansa, anadzakhala kwa Lettie. Kuchipatala anamupatsa timapiritsi ta tsiku ndi tsiku, n'kumuuza kuti timatseka kachinthu ka m'thupi kopanga mahomoni amene khansayo imadya. Tikatha, ankayenera kukatenga tina ku Boma. M'chilimwe zinkatheka. Koma dzinja la ku Misuku silinyengerera munthu: msewu umasanduka phala, ndipo a njinga zamoto amangokupukusira mutu.

Tsiku lina a Amosi, mphunzitsi wochokera ku Thyolo, anakhala pakhonde akupemerera kapu yawo, maso pafoni.

“Amayi, taonani izi. Akuti masamba ena a tiyi ali ndi mphamvu yotseka chopanga mahomoni chija. Ofufuza ayesa.”

“Ngati mapiritsi a Jean?”

“Mofananako, kaya.”

“Kaya” uja Lettie sanamumve. Sanafunsenso kuti masamba ake ndi ati, pakuti kwa iye masamba ndi omwe anali pathandala. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anayamba kuwasamala ngati khofi wa giredi yoyamba: kuthyola okhwima okha, kusankha limodzilimodzi, kutembenuza katatu pa tsiku. Mapiritsi atatha mu Januwale, anauza Jean kuti asadzivute ndi matope. Jean, yemwe sanatsutsepo mkulu wake chibadwire, anangothokoza kuti, “Yewo, akulu.”

Jean anamwa tiyi wa masambawo miyezi isanu, m'mawa ndi madzulo, wakuda bii. Mu Juni, khofi atapsa, anapeza kachotupa kukhwapa.

Namwino wa ku Boma, a Evelyn, sanakalipe. Anafunsa tsiku limene mapiritsi anatha, n'kulemba. Kenaka anafotokoza kuti zoyesa zotere zambiri zimachitikira m'timabotolo, osati m'thupi la munthu, ndipo kapu ya tiyi siilowa m'malo mwa mankhwala. Lettie anamva mawu onse ulendo uno. Manyazi ndi chisoni zinamugwira pamodzi, koma sanalire pamaso pa anthu.

Chaka chotsatira ankatsika yekha mwezi ndi mwezi, wapansi mvula ikatseka msewu, kukatenga chilichonse chimene achipatala alemba. Sanaphonyepo. Jean anamwalira khofi wachiwiri asanapse.

Lettie akadayanikabe masamba, ndipo Loweruka amawagulitsa pamsika m'timapepala. Anthu odutsa amanunkhiza, n'kufunsa kuti amachiza chiyani. Anzake ogulitsa amamutsina kuti atchule matenda awiri atatu, malonda ayende.

“Sachiza kanthu,” amatero. “Ndi tiyi.”