Dalaivala Amene Anamutcha Wakuba Petulo

Anamuchotsa ntchito Lachitatu m'mawa, makiyi akadali m'manja. Abwana ake analoza galimoto yatsopano imene iye ankayendetsa, n'kunena kuti ogulitsa anawatsimikizira kuti injini yake ndi yaing'ono, ya tebo, imangonyambita mafuta. Nanga thanki inkauma bwanji masiku atatu okha? Yankho anali nalo kale: dalaivala amapopa petulo ndi payipi.

Bamboyu anali atayendetsa magalimoto zaka khumi ndi zinayi osabapo ngakhale dontho. Koma nayenso ankaona kasingano ka mafuta kakutsika ngati kakuthamangitsidwa, ndipo chifukwa chake sankachidziwa.

Sabata isanathe, madalaivala anzake anamupatsa dzina loti Chipayipi. Kulikonse kokafunsira ntchito ankamulandira bwino, kenako wina n'kunong'oneza mnzake, nkhope n'kusintha. Kunyumba mkazi wake sanamufunse ngati anabadi, ndipo kusafunsako n'kumene kunkamudya mumtima. Akamva ana akuseka panja, ankaganiza kuti dzina lija lafika kusukulu.

Mlamu wake, amene anali makaniko, anamuitana kuti azikatsuka magalimoto ku galaja. Iye atayamba kuzengereza, anamuuza mosabisa: "Alamu, manyazi anapha lambe. Tengani ndowa."

Anaitenga. Koma funso la kutha kwa petulo lija silinamuchoke, ndipo tsiku lina ataona mlamu wakeyo akumasula chitsulo chopindika ngati nkhono, anafunsa ngati tebo ija ndi imeneyi. Makanikoyo anamulongosolera. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kafani, kafaniko n'kumakankhira mpweya wambiri mkati, ndipo mpweya ukachuluka petulo nayenso amachuluka. Ukamaponda moto pang'onopang'ono, injini yaing'onoyo imadya ngati mwana. Ukaponda mwaukali, kapena ukaisenzetsa katundu pachitunda, imadya ngati chimunthu chochokera kumunda.

Bambo uja anakhala pansi pa tayala. Anakumbukira abwana ake, ochedwa tsiku lililonse, akumukalipira kuti aponde, kumbuyo kutadzaza matumba a simenti. Wakuba petulo anali phazi lake lomwe, pomvera lamulo.

Kuyambira pamenepo ankati akamaliza kutsuka, n'kukwera nawo mlamu wake akamakayesa galimoto. Anaphunzira kumva kamluzu ka tebo ikamadzuka, ndi kuyendetsa osaidzutsa pachabe. Ankawerenga timabuku ta m'magalimoto mpaka maso kuwawa, eni magalimotowo n'kumawafunsa kumene amayenda ndi zimene amanyamula. Ena ankamuyankha, ena ankangomuloza matope amene watsalira. Chinatha chaka.

Ndiyeno ku galajako kunabwera mayi wina, mwini kampani yoperekera mankhwala m'masitolo. Anali ndi magalimoto asanu ndi imodzi a tebo, ndipo ankafuna maloko pa mathanki onse. Ananenanso kuti madalaivala awiri amene ankawaganizira kuti akuba mafuta awachotsa mwezi ukatha.

Bamboyu anali chogwada, akukwecha tayala. Ankadziwa kuti akangoyankhula amufunsa kuti ndi ndani, koma anaganizira anthu awiri aja, amene mwina analinso ndi ana. Anaimirira, madzi akuchucha m'zigongono.

"Pepani mayi, mwina anthuwo sakuba."

Wina pakona anaseka n'kutchula dzina lija. Mayiwo atamva nkhani yake anati n'zosadabwitsa, wakuba amaikira kumbuyo akuba anzake. Komabe bamboyu anawapempha chinthu chimodzi: adzaze thanki, dalaivala wawo ayende njira yake ya masiku onse, adzazenso, kenako iye ayende njira yomweyo, mayiwo ali pambali maulendo onse awiri.

"Mukanditayitsa nthawi, galaja ino sindidzapondamonso," anatero mayiwo.



Ulendo wa dalaivala wawo unadya malita asanu ndi anayi. Itafika nthawi ya bamboyu, anagwira chiwongolero n'kunyamuka. Pachitunda anakumana ndi lole yokwawa, a kumbuyo akuimba mahutala, mayiwo akuyang'ana wotchi. Phazi linkayabwa kuti aponde adutse. Sanaponde. Anadikira msewu utambasuke, n'kudutsa mofatsa. Njira yonse ankangodzifunsa kuti bwanji ngati walakwitsa, bwanji ngati wamuphera mlamu wake ntchito.

Pomwetsera mafuta sanathe n'kuyang'ana komwe manambala akuthamanga. Anangomva pampu yaima.

Malita asanu ndi awiri. Ndipo anachedwa ndi mphindi zinayi zokha.

Mayiwo anamufunsa ngati angaphunzitse madalaivala awo kuyendetsa chomwecho. Anthu awiri aja sanachotsedwe ntchito.

Sizinangoyenda myaa. Madalaivala ena ankakana kuphunzitsidwa ndi wotsuka magalimoto, ndipo miyezi yoyamba ankapita kuntchito ali ndi mantha oti lero amubweza. Koma mafuta anatsikadi, ndipo mayiwo anayamba kuuza anzawo. Lero makampani amamuitana asanagule galimoto. Woyenda m'tauni ndi katundu wopepuka amamulangiza ya injini yaing'ono ya tebo. Wosenza zolemera m'zitunda amamuuza zoona, kuti yaing'onoyo idzamukhumudwitsa, bola atenge yaikulu.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso akunamizirani, ndipo mulibe mawu odziyeretsera. Musathawe funso limene likukuwawani. Lifunseni kwa odziwa, ngakhale mutagwira ndowa m'manja, ndipo tsiku loyankhula likafika, yankhulani ngakhale muli ndi mantha. Mtima wokhawo musautaye.