Pangano la Zikwama Ziwiri

Inu owerenga, mkazi wanga sanafe pa ngozi ya basi kapena m'manja mwa achifwamba ayi. Anafa chifukwa cha kapangano kopusa kamene ndinayambitsa ineyo tikuseka, ndipo ndikulemba izi kuti wina asadzalire momwe ndikuliriramu.

Ine ndi Tadala tinakhala m'banja zaka zinayi popanda mphatso. Ku Chilomoni komwe tinkakhala aliyense anasanduka dokotala wathu, wina akuti kwa sing'anga, wina akuti kumapemphero a kuphiri. Titatopa nazo tinagulitsa sofa, firiji ndi bedi, n'kugula zikwama ziwiri zazikulu zoberekera kumsana ndi katenti. Tinati tiyende maiko chaka chathunthu, tipume pakamwa pa anthu. Malume ake a Tadala, omwe analinso ankhoswe, anaseka mpaka kutsokomola. Anati munthu amapita kunja kukasaka maganyu, osati kukaona mapiri, ndipo tibwerako mwezi usanathe.

Mawu amenewo anandilasa. Tili m'basi yopita kuchipata cha Mwanza ndinauza Tadala kuti amene adzayambe kunena kuti tibwerere kwathu adzanyamula zikwama zonse ziwiri mpaka pakhomo pa malume, anthu akuona. Anaseka, tinagwirana chanza, pangano latheka.

Tinayendadi. Tinadutsa Mozambique, tinasambira m'madzi amchere, tinalowa Tanzania. Koma ndinene zoona lero: pofika ku Mbeya ine ndinali nditatheratu. Mapewa anali atanyuka, nsikidzi za m'malo ogona zinkandidziwa dzina, ndipo ndinkalota bedi lomwe ndinagulitsa lija. Tsiku lililonse ndinkadzuka ndi mawu oti tibwerere kwathu kukamwa, n'kuwamezanso. Ndinkadikira kuti ayambe ndi iyeyo.

Tinafika ku Lusaka mwezi wachisanu ndi chitatu wa ulendo, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinapeza kachipinda ku Kabwata, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachiBemba wogulitsa pamsika kapenta, tinsomba tonga usipa, amene onse ankamutchula kuti Bana Chanda. Cholinga chinali kupuma masabata awiri kenako kutsika ku Livingstone.

Amati tsoka silinunkha, koma langa linanunkha masiku khumi ine n'kumatseka mphuno. Tadala anasiya kumanga lamba wa chikwama wa m'chiuno, akuti akumuthina. Fungo la kapenta likafika m'chipinda ankatuluka panja. Tsiku lina tikuyenda mu Cairo Road anangokhala pansi pakhonde la sitolo, atagwira m'munsi mwa mimba mbali yakumanzere, kenako n'kudzuka akumwetulira. Atadandaula kuti phewa likubaya, ndinati ndi malamba a chikwama, poti langanso linkawawa. Zoti angakhale ndi pakati sitinaziganizire n'komwe. Patatha zaka zinayi tinali titasiya kuwerenga masiku.

Amene anaona anali Bana Chanda. Masana ena ndikuchapa pampopi anandiimirira kumutu.

“Ba Malawi, mukazi wanu ni wodwala. Onani milomo yake mwamene yayelela. Mupelekeni ku kiliniki lelo, osati mailo.”

Mailo ndiye mawa kwawoko. Ndinawayankha mwaulemu kuti ndi kutopa chabe, tazolowera. Anandiyang'ana, n'kunyamula beseni lawo n'kumapita.

Inu owerenga, apa ndi pamene ndimafika ndikamadzizenga mlandu. Ndinalowa m'chipinda muja ndi kumupeza Tadala atagona chopinda miyendo, thukuta lili kamukamu. Mumtima ndinachita mantha, koma pambali pa manthawo panali kachimwemwe koipa, koti tsopano agonja, tipita kwathu ine osachita manyazi. Ndinaloza zikwama zija pakona ndikumwetulira.

“Tada, pali chomwe ukufuna kunena?”

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana zikwamazo.

“Palibe. Nanga inu?”

Ndinati palibenso. Sindinatchule za chipatala, poopa kuti dokotala akati tibwerere, ndiye kuti ndayambitsa ndine.

Patapita masiku awiri tinakwera minibasi m'mawa kupita ku City Market kukagula nsapato za kaunjika, poti zake zinali zitang'ambika. Anthu anali pikitipikiti, mawilibala akudutsa, oitanira malonda akukuwa. Tadala ankayenda pambuyo panga atagwira malaya anga monga ankachitira m'misika yonse ya ulendowu. Ndikutsutsana mtengo ndi wogulitsa, ndinangomva dzanja lija lataya malaya. Pocheuka ndinapeza atagwa pansi.

Amayi a pamsika anamuyalira chitenje, wina anaimitsa takisi. Kuchipatala anathamanga naye ndithu, ndipo palibe amene ndingamuloze chala kumeneko. Dokotala atatuluka anandikhazika pabenchi. Anati mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi iwiri, koma mimbayo inakhala panjira, kunja kwa chiberekero, ndipo inaphulika n'kumataya magazi m'kati. Anati tikanabwera dzana akanamupulumutsa. Mwana amene tinamudikira zaka zinayi ndinamva za iye koyamba tsiku lomwe anapita ndi mayi ake.

Ndinaimbira malume foni dzuwa likadali pamutu. Sanandikalipire. Anangofunsa dzina la chipatala.

Tsiku lonyamuka ndi maliro, ndikulongedza zovala zake, Bana Chanda anabwera n'kukhala pakhomo pa kachipinda kaja. Anati Tadala ankacheza nawo ine ndikapita kumsika.

“Ananiuza ati afuna kubwelela ku nyumba kuchokela ku Tanzania. Ati, nikakamba ine tizayenda, koma ba malume bazaseka bamuna banga. Lekani nilimbe chabe.”

Ine ndinkayesa kuti tikupikisana makani. Iye ankapirira ululu pofuna kuteteza ulemu wanga, ulemu womwe ine ndinauika patsogolo pa moyo wake.

Galimoto ya maliro itaima pamsewu wa kwa malume, anthu ena anathamangira kuti atsitse katundu. Ndinawakaniza. Ndinabereka chikwama changa kumsana, cha Tadala ndinachikolera kutsogolo, n'kuyenda mpaka pakhomo anthu onse akuona. Palibe anaseka.

Abale anga, kuyenda n'kwabwino ndipo sindikuletsa aliyense. Koma mukakhala awiriwiri kutali ndi kwanu, mnzanuyo alibe mayi, alibe mchemwali, ali ndi inu nokha. Akasintha kayendedwe musafunse kawiri, pitani naye kuchipatala. Mlendo akakutsinani khutu mverani, ngakhale chilankhulo chake chikukuseketsani. Ndipo musamapange pangano lomwe limalanga munthu chifukwa chonena kuti watopa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma kwathu manyazi anali anga, anafa ndi wina. Ngati mtima wanu ukufuna kwanu, yambani ndinu kunena. Zikwama ziwiri ndinazinyamulabe, ndipo sizinali zolemera monga ndinkaopera.