Mawu a mwana wanga pansi pa mtengo wa mango

Linali Lachinayi, teni koloko m'mawa, pamene galimoto loyera linaima pakhomo panga kuno ku Milepa. Panali patatha milungu itatu chimetereni maliro a mwana wanga wamkazi.

Munatuluka bambo wa imvi ndi mayi wina, aphunzitsi anzake a kuyunivesite. Mwana wangayo ankaphunzitsa zachuma. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 3, choncho za ntchito yake ndinkangodziwa zimene ankandiuza: mabuku anali ochepa, ndiye ankajambula mawu ake n'kuwaika pa ma CD kuti ophunzira azimvera pa kompyuta. Tsiku lina anandijambulanso ine ndikufotokoza chifukwa chake nandolo amatsika mtengo tikangokolola tonse.

Ndinawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kuitanitsa achimwene anga, eni mbumba. Alendowo anatipatsa satifiketi ya m'galasi. Anati malemu anapambana pa kaphunzitsidwe katsopano, koma uthenga unafika iye atagona kale. Chimene ankapempha chinali chilolezo choti mawu akewo azigwirabe ntchito.

Tisanayankhe, mayi uja anatsegula kompyuta yonyamula m'manja. Mwina ankati atisangalatse.

Mawu anatuluka, ake enieni, osasintha. Amayi awiri amene ankasenda chinangwa pakhonde anasiya mipeni n'kuyamba kulira ngati mtembo wangofika kumene. Mwana wangayo m'makinamo ankangophunzitsa. Anatsokomola kawiri, chifuwa chouma, n'kupepesa. Chifuwa chimenecho kwa ine ankachibisa. Kenako ndinamva akuti, "Amayi, tabwerezani pamenepo."

"Ee, mwananga," ndinayankha.

Kwathu kuno munthu suyankha mawu okuitana usanaone mwini wake. Ndinkadziwa zimenezo kuyambira ndili mwana, koma pakamwa panatsogola.

"Tsekani chinthucho," anatero achimwene. "Inu ophunzira, kwanu maliro mumameta kangati? Ife tinamuperekeza kale, inu mwamubweretsanso m'chikwama."

"Pepani bambo, sitinaganize," anatero a imvi aja.

"Mabuku onsewo, kuganiza ayi? Ma CD amenewo abwere kuno, tikawakwirire kumanda. Achemwali, mwamuyankha kale. Mukufuna akutengeni?"

Mantha ndinali nawo, sindikana. Ndinafunsa mayi uja ngati ophunzirawo akudziwa kuti akumvera munthu amene anapita. Anati akudziwa, ndipo ena amachita kulimbirana makompyuta kuti amumve.

"Achimwene," ndinatero, "wadwala akugwira ntchito imeneyi, osatiuza. Tikaikwirira ndiye kuti anatsokomolera chabe. Apite nawo. Koma pakhomo pano mawu amenewa asadzamvekenso."

Achimwene anaimirira, nakutumula fumbi pathalauza. "Mwana ndi wanu. Akamakuitanani musadzandidzutse."

Sanabwerenso kwa miyezi iwiri.

Zaka zapita. Ndimamva kuti kumeneko akuphunzitsabe, ndipo tsiku lililonse amandipempha kuti ndibwereze, ine m'makinamo n'kumabwereza. Sindinapiteko. Koma nthawi zina masana, ndikupalira, ndimamva "Amayi" kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri, mwa mawu omwe aja.

Masiku ano munthu akandiitana, kaya ndi mdzukulu kaya ndi mnansi, ndimayamba ndatembenuka kuti ndimuone nkhope, kenako ndiyankhe.