Wobiriwira Uti?

A Bulashi anapenta nyumba za anthu zaka makumi atatu, ndipo pakamwa pawo sipankauma. Ankati penti amamudziwa ndi fungo lokha. Linali bodza, koma ankalinena mokoma. Chimene sankanena n'chakuti maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Ngakhale akazi awo sankadziwa. Wopenta wosaona bwino, ndani angamuitanenso?

Lachiwiri lina anali pabalaza pa mayi wina, nesi, mipando ataikankhira pakati n'kuifunditsa nsalu zakale. Mayiyo anasiya zitini ziwiri zoyesera, china cha mtundu wa thambo, china cha masamba, zonse zotuwirako.

"Mupake pang'ono kuzenera, pang'ono kukhomo. Ndisankha masana," anatero akuthamangira kuntchito.

A Bulashi anatsegula zitini zonse, napaka kuzenera. Anatuluka kukatsuka bulashi, atabwerera anapaka kukhomo. Kenaka anaima patali n'kutsinzinira. Ayi ndithu, konse kuwiri kunkangooneka ngati phulusa.

Nesi uja anafika yunifolomu ili m'thupi. Anayang'ana khoma nthawi yaitali.

"Wabwino ndi uti, bambo?"

"Wobiriwirayo, mayi."

Liwu limeneli linali litawapulumutsa kangapo chaka chimenecho. Chichewa chathuchi nacho! Thambo n'lobiriwira, masamba n'ngobiriwira, ndiye mwini nyumba ankaloza yekha, iwo n'kungovomera. Koma mayi uyu sanaloze.

"Wobiriwira uti?"

A Bulashi anayang'ananso khoma. Kukhala chete kukanawaulula, choncho anayamba kutokota monga kale.

"Wa kuzenerayu. Wa kukhomoyo ngwolemera, adzadetsa chipinda. Kusiyana kwake ngakhale mwana angakuone."

Mayiyo anapita pamene panali zitini. Anawerama n'kunyamula chitini chimodzi. Chinali chodzaza mpaka pakamwa, m'mbali mwake mopanda ndi dontho lomwe.

"Umu simunalowe bulashi, bambo. Konse kuwiri mwapaka penti mmodzi."

A Bulashi anachita manyazi oti nthaka ing'ambike alowemo. Anafuna kunamizira dzuwa, kunamizira a kusitolo, koma mayiyo anali atawayandikira kale.

"Tayang'anani kuno." Nesi anawakweza chikope ndi chala chachikulu, ngati ali kuntchito kwake. "Ndi ng'ala iyi. Imachotsedwa. Yayamba liti?"

Bulashi inali ikudontha pa nsapato yawo. Munthu uja wa pakamwa posauma anangoti, motsitsa mawu, "Musauze munthu, mayi."