Tsiku limene a Mikono anabweza kiyi

A Mikono sanabadwe ndi dzina limeneli. Analipata kumunda waukulu wa kampani, kumene anayendetsa mathirakitala akale kwa zaka makumi atatu, aja a chiwongolero chouma choti ukangokhota kawiri malaya anyowa. Anzawo ankaweruka akudandaula mapewa, iwo ankaweruka akuimba mluzu. Mpaka lero manja a malaya amawapinda kufika m'mwamba, kuti anthu aone zimene zinalera ana asanu.

Atapuma pantchito, mwana wawo woyamba, wamkazi, anawapezera kathirakitala kofiira, kakang'ono koti kamalowa pageti ya munthu osagumula mpanda. Mwanayu amagwira ntchito pagalaja ya kuseri kwa msika, ndipo pakhomo aliyense, ndi mayi ake omwe, amangomuitana kuti Makaniko. Ndi kathirakitalako a Mikono ankalima timinda ta anthu, kukoka ngolo ya manyowa kapena ya njerwa, ndipo Lachisanu lililonse ankatchetcha udzu pabwalo la mpira la kusukulu. Ankakakonda kwambiri, koma kuti avomere pakamwa, ayi ndithu.

"Kachidole aka," ankatero akukapukuta fumbi. "Chiwongolero chake n'cha alesi."

Makaniko anawafotokozera kuti pali pampu imene imakankha oyilo m'mapaipi awiri, ndipo oyiloyo ndiye amafewetsa chiwongolero, choncho azimusuzumira. Bambowo anagwedeza mutu ngati amva. Oyilo wa injini ankamuyang'ana m'mawa uliwonse, koma wa chiwongolero sanamutsegulepo n'kamodzi komwe. Kwa iwo chiwongolero chimakhotetsedwa ndi mikono basi, ndipo munthu wouma mutu chonchi simungamusinthe ndi mawu.

Pa kiyi wa kathirakitalaka panali pangano. Chaka china a Mikono anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo atatuluka ana anafuna kuti ntchitoyi aisiye. Anakana kwamtuwagalu. Pomaliza anauza Makaniko pamaso pa mayi ake kuti, "Tsiku limene mikono yanga idzalephere chiwongolero, kiyi ndidzabweza ndekha. Simudzachita kundilanda." A Mikono ali ndi zofooka zambiri, koma bodza mulibemo.

Paja chakudza sichiimba ng'oma. Chiwongolero chinayamba kulemera, poyamba pang'ono chabe, pokhota kumapeto kwa mzere. Sabata yotsatira chinali ngati akupotokola nthambi yaiwisi. Kathirakitala kankalira ng'wiii pokhota, koma makutu amene akhala zaka makumi atatu pamwamba pa injini samva zazing'ono zotere. Kankagona pamchenga pansi pa mtengo, ndipo mchengawo unkamwa madontho onse mwakachetechete. A Mikono anayang'ana mikono yawo, mtima unawawa. Anati ukalamba wafika.

Sanauze munthu. Anatenga zidebe ziwiri za penti, n'kudzazamo mchenga, ndipo m'mawa uliwonse ankazinyamula kuseri kwa bafa, mmwamba, pansi, mmwamba, pansi. Akazi awo ankaona zonsezi pawindo la kukhitchini.

"Abambo, zidebe zanga zothirira maluwa mwaziona?"

"Zidebe zanji? Ine ndimasunga zidebe?"

"Ayi, ndimangofunsa. Ndimati mwina zayamba kuchita masewero kuseriko."

Lachisanu lina, pakona ya bwalo la mpira, chiwongolero chinakaniratu. Anakoka ndi mphamvu zonse, thukuta lili kamukamu, koma tayala linakhula mzati wa golo mpaka penti kusupuka. Anazimitsa injini n'kukhala pampandopo nthawi yaitali. Pakanakhala munthu pamzatipo bwenzi zili bwanji?

Loweruka m'mawa anavala malaya osita, ndipo kwa nthawi yoyamba manja ake sanawapinde. Akazi awo ataona mabatani omangidwa mpaka pamkono, nthabwala zonse zinawathera. Makaniko anafika masana pa njinga yamoto, ovolosi akadali m'thupi, n'kupeza kiyi ali patebulo pabalaza.

"Mwanawe, tenga," anatero a Mikono akuyang'ana kukhoma. "Mikono yatha. Ndinalonjeza."

Makaniko anamufuna kiyiyo kwa zaka zitatu, koma atamutola anamva chisoni. Anangotuluka, n'kukwera kathirakitala kuti akakasunge kugalaja. Analiza injini, anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kugwira chiwongolero kuti akhote. Chiwongolero chili nji. Anakoka ndi manja awiri. Anaimirira, n'kukoka ndi thupi lonse mpaka nkhope kusintha. Kenaka anazimitsa injini.

"Ababa! Chimenechi mwakhala mukuchikhotetsa chili chonchi?"

"Masabata atatu," anayankha a Mikono ali pakhonde.

"Masabata atatu? Ine ndikulephera n'kamodzi komwe! Mayi, bwerani mudzaone amuna anu. Akhala akulima minda ya anthu popanda dontho la oyilo!"

Anatsegula kachivindikiro ka oyilo wa chiwongolero kaja bambo ake sanakakhudzepo, ndipo ndodo yoyezera inatuluka youma. Makaniko anaseka chikhakhali mpaka kukhala pa tayala. Mayi ake anaseka atagwira m'chiuno, misozi ikutsika. "Safunsa anadya phula," anatero, "ndipo zidebe zanga zinavutikira chabe."

A Mikono sanaseke msanga. Anatsika pakhonde pang'onopang'ono, ngati munthu woopa kuti nkhani yabwino ingathawe. "Ukutanthauza kuti si ine?"

"Ndi paipi, ababa. Tabweretsani nsanza ndi katoni."

Anagona chagada pansi pa kathirakitala n'kupukuta mapaipi onse awiri mpaka kuyera, chifukwa pamalo pamatope sungadziwe pamene pakudontha. Anathira oyilo pang'ono, n'kuuza bambo ake kuti alize injini ndi kukhotetsa. Bambowo atasendeza dzanja kuti apapase paipi, Makaniko anawakalipira ngati mwana.

"Dzanja ayi! Oyilo ameneyu amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu. Katoniyo ndiye ntchito yake."

Anayendetsa katoni m'mbali mwa paipi, ndipo pamalo ena panajambulika kamzere konyowa. Paipi inkakhulana ndi chitsulo cha thupi la thirakitala, tsiku ndi tsiku, mpaka kudyeka. Inzake nayo inali itachita ming'alu. Asanamasule, Makaniko anamata tepi yofiira pa paipi imodzi ndi pamalo pake polumikizira.

"Tepiyo n'njokongoletsa?" anafunsa mayi ake.

"Mukasinthanitsa mapaipiwa, mayi, ababa akakhotera kumanja thirakitala ilowera kumanzere, m'maluwa mwanumo."

Anamangirira mapaipi akalewo kumbuyo kwa njinga, n'kupita kushopu kumene amadula atsopano molingana ndi akale ndi kufinyira zitsulo kumapeto. Pobwera anapeza bambo ake atakweza kale matayala akutsogolo ndi jeke, manja a malaya atapindidwa mpaka m'mwamba. Anamanga mapaipi ndi timphira tatsopano, manati anawayamba ndi zala asanagwiritse sipanala, ndipo paja pankakhulana anavekapo chidutswa cha mphira n'kumanga bwino. Anadzaza oyilo.

"Tsopano khotetsani mpaka kumapeto, uku ndi uku. Pang'onopang'ono, mpweya utuluke."

Oyilo anachita thovu, anatsika, Makaniko anawonjezera wina. Ulendo wachisanu thovu linatha, ndipo chiwongolero chinangoti lobodo m'manja mwa a Mikono. Anachizunguliza ndi dzanja limodzi, kenaka ndi chala.

"Ndiye kuti zaka zonsezi amandithandiza ndi oyiloyu, ine osadziwa?"

"Eya, ababa."

"Si oyilo yekhatu," anatero akazi awo akutola nsanza pansi. "Alipo ena pakhomo pano akhala akukufewetserani zinthu zaka makumi anayi, osawasuzumirako."

Apa ndiye a Mikono anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba. Makaniko anatsitsa jeke, anazula kiyi, n'kumugwira m'mwamba.

"Pangano lija likadalipo, ababa."

"Likadalipo. Wadzionera wekha kuti ndimabweza."

Anawaikira kiyiyo m'dzanja n'kuwapindira zala. Tsiku limenelo kathirakitala kanazungulira mtengo wa pabwalo katatu, woyendetsa ali ndi chala chimodzi pachiwongolero, dzanja lina akubayibitsa anthu oyenda mumsewu amene sankadziwa n'komwe chimene chachitika.

Lolemba m'mawa mayi a pakhomo anapeza zidebe zawo pakhomo la khitchini, zotsukidwa, zodzaza madzi, maluwa atathiriridwa kale. Atasuzumira pawindo anaona amuna awo atawerama pa kathirakitala, kachivindikiro kali m'manja, akuyang'anitsitsa ndodo yoyezera.

"Mwadzuka bwanji, anzanga?" ankatero a Mikono kwa oyiloyo. "Lero tili ndi minda iwiri."